Switch ndi chani kwenikweni, nanga magemu ake omwe anthu sawatchula ndi ati?

Chitulukireni Switch 2 pa 5 June 2025, ma Switch akale aja, makina osewerera magemu a kampani ya Nintendo, ayamba kufika kuno kwathu mowirikiza. Wachibale wa ku Joni akagula yatsopano, yakaleyo amangoiponya mu chikwama cha munthu wobwera kumudzi, nde mupeza mnyamata wa pa Chitakale kapena pa Luchenza wanyamula kachipangizo ka zogwirira zofiira ndi zabuluu koma sakudziwa poyambira. Mafunso ake amakhala omwewo. Kodi iyi ndi foni kapena ndi PS (PlayStation)? FIFA ilimo? Bwanji gemu imodzi ikudula chonchi? Akatopa ndi Mario Kart yomwe inabwerera limodzi amangoisiya mu drowa nkubwerera ku foni yake. Tiyeni tizione chimodzichimodzi, koma ndineneretu kuti mbali yomwe ine imandikoka ndi ya timagemu ting'onoting'ono tosatchuka, chifukwa ukaona mmene magetsi, data ndi ndalama zakunja zikuyendera kuno, ndi timeneti tomwe tikugwirizana ndi moyo wathu.

Ndi ya m'manja kapena ya pa TV?

Ndi zonse ziwiri, nchifukwa chake anthu amasokonezeka. Kale makina a magemu anali pawiri. Panali okhala pakhomo olumikiza ku TV, ngati PlayStation yomwe anyamata amalipira kuti amenye mpira m'timashopu ta magemu pa Limbuli kapena pa Bvumbwe, ndiye panali ta m'manja toyenda nato ngati Game Boy ya 1989 ndi PSP ya Sony. Ta m'manja tinali tofooka ndipo magemu ake anali akeake. Nintendo, kampani ya ku Kyoto ku Japan yomwe inayamba mu 1889 ikupanga makhadi osewerera, inkapanga mitundu yonse iwiriyi payokhapayokha. Mu 2012 inatulutsa Wii U, ya pa TV koma kontrola yake ili ndi skirini, ndipo malonda sanayende, inagulidwa pafupifupi 13.5 miliyoni basi, anthu ambiri ankangoiona ngati kontrola yatsopano ya Wii, makina ake akale a pa TV. Pa 3 March 2017 mpamene anatulutsa Switch, pa mtengo wa madola 299.99 aku America, ndipo pano yagulidwa kuposa 150 miliyoni.

Ubongo wonse uli mu kathabuleti ka skirini kaja. Chip yake ndi Tegra X1 ya Nvidia, ya mtundu womwe umaikidwa m'zipangizo zoyendera batire. Chibokosi chakuda chija amati dock chilibe nzeru zakezake, ntchito yake nkutchaja ndi kutumiza chithunzi ku TV pa chingwe cha HDMI. Nde magetsi akathima muli pakati pa gemu, TV izima koma gemu siifa, mumangosolola kathabuletiko nkupitiriza pomwe munalekezera, pamene wa PS wangoti kakasi kuyang'ana skirini yakuda. Zogwirira za m'mbali zija, ma Joy-Con, zimachoka ndipo chilichonse chimasanduka kontrola pachokha, anthu awiri mutha kusewera osagula kanthu kena.

Pomwe imaluza ndi pa mphamvu. Switch ndi yofooka kuyerekeza ndi PS4, za PS5 ndiye tisanene nkomwe. Skirini yake ndi 720p, pa TV imafika 1080p. Wofunsa za FIFA uja, eya ilimo, koma kwa zaka zingapo ya pa Switch inali Legacy Edition, gemu yomweyomweyo chaka ndi chaka angosintha maina a osewera ndi mayunifomu, mpaka EA Sports FC 24 mu 2023 mpomwe anaikonzako. Ngati mpira ndi wokhawo mukufuna, PS ndi yomwe ingakukwanireni.

Si Switch iliyonse ndi yofanana

Yoyamba ya 2017 ili ndi skirini ya mainchesi 6.2, malo a mkati 32GB, ndipo batire imakhala maola 2.5 mpaka 6.5 kutengera gemu. Mu 2019 anaikonza mkati osasintha maonekedwe, batire nkufika maola 4.5 mpaka 9. Poti kunja zimafanana, wogulitsa atha kukuuzani chilichonse, nde inu itembenuzeni muone kastika koyera kali pansi pafupi ndi pobayira chaja. Nambala ikayamba ndi XA ndi yakale ya batire yochepa, ikayamba ndi XK ndi yokonzedwayo. Kwa ife a magetsi othimathima maola owonjezerawo si nkhani yaing'ono.

Switch Lite ya September 2019 ndi yaing'ono, yotchipirapo, koma sionetsa pa TV olo mutaigulira chingwe chanji, ndipo zogwirira zake sizichoka. Ya OLED ya October 2021 ili ndi skirini yowala bwino ya mainchesi 7 ndi 64GB, koma mphamvu ndi yomwe ija. Switch 2 ndiye makina ena, mainchesi 7.9, 256GB, ndipo inatuluka pa mtengo wa madola 449.99. Imasewera pafupifupi magemu onse a Switch yoyamba, koma magemu opangira Switch 2 salowa pa yakale, ndipo memory card yake ndi ya mtundu wapadera, microSD Express, wamba uja siugwira.

Matenda odziwika a Switch ndi omwe amati drift, kamtengo koyendetsera kaja kamayamba kudziyendera kokha, munthu wa mu gemu nkumapita kumanzere inu simunakhudze. Musanapereke ndalama lowani mu System Settings, pitani pa Controllers and Sensors kenako Calibrate Control Sticks, siyani kamtengoko osakakhudza. Kachizindikiro kakhale phee pakati, kakamanjenjemera kapena kutsetserekera mbali imodzi dziwani kuti mugulanso Joy-Con ina. Pa Lite ndiye zimawawa kwambiri poti simungangochotsa nkuika ina, mpaka makina onse atsegulidwe.

Kakhadi ndi kudawuniloda

Gemu imabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kakhadi kakang'ono kosaposa chala chachikulu, komwe anakapaka dala mankhwala owawa kuti mwana akakaika mkamwa alavule. Kakhadi kogula ku Japan, ku UK kapena ku Joni kamagwira pa Switch iliyonse, zomwe sizinali choncho pa makina akale a Nintendo a 3DS ndi Wii U. Mutha kubwerekana, kusinthana, kugulitsa mukamaliza, ndipo pomwe mwafika mu gemu pamasungidwa mu makina anu osati mu kakhadi. Njira yachiwiri ndi eShop, shopu ya pa intaneti ya Nintendo. Imafuna akaunti, ndipo akauntiyo imamangirizidwa ku dziko lomwe mwasankha, la pafupi nafe lomwe lili ndi eShop ndi South Africa komwe mitengo ili mu rand. Kulipira kwake ndi khadi yaku banki kapena kodi yogula, ndipo kodi ya dziko lina siigwira pa akaunti ya dziko lina, apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Poti ndalama zakunja zikuvuta, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, njira yophweka kwa ambiri nkupempha achimwene ali ku Joni akugulireni kodi akutumizireni pa WhatsApp.

Kukula kwa gemu ndi nkhani ya bandulo. The Legend of Zelda: Breath of the Wild ndi 13.4GB, magemu ena ampira ndi basketball safuna nkomwe kulowa popanda memory card, pamene tina mwa timagemu tomwe nditchule pansipa sitifika olo 1GB. Mukadawuniloda kamodzi pa makina anu enieni, mumasewera opanda netiweki.

Pali misampha itatu. Gemu yolembedwa Cloud Version, ngati Control kapena Hitman 3, siikhala mu makina anu, imayendera pa kompyuta ya kutali nkumakutumizirani vidiyo, nde ndi netiweki ya ku Thekerani iwalani. Pa Switch 2 kwabwera ma Game-Key Card, kakhadi kooneka ngati kenikeni koma mkati mulibe gemu, ndi kiyi chabe, gemu yonse mudawunilodabe. Wachitatu ndi Switch yogulitsidwa “yodzadza magemu”. Pena magemuwo ndi a akaunti ya mwini wake woyamba ndipo tsiku lomwe adzaichotse apita nawo, pena makinawo anachita kuwathyola mkati kuti azilandira magemu okopera, ndipo Nintendo ikawazindikira pa intaneti imawatsekera osalowanso mu eShop.

Gemu yabwino imasowa bwanji pamaso pa anthu?

Kusatchuka sikutanthauza kuti gemu ndi mbola. Chitsanzo chabwino ndi Mario Kart 8 yomweyo. Inatuluka pa Wii U mu 2014 nkugulidwa pafupifupi 8 miliyoni, ataibweretsa pa Switch mu 2017 atawonjezeramo pang'ono, yadutsa 60 miliyoni. Gemu ndi yomweyo, chomwe chinasintha ndi kuchuluka kwa anthu omwe ali ndi makina ake. Ena amaphedwa ndi nthawi yotulukira. Mario + Rabbids Sparks of Hope ya Ubisoft inatuluka mu October 2022, oyesa magemu anaiyamikira, koma eni ake anavomera okha kuti malonda sanafike pomwe ankayembekezera. Prince of Persia: The Lost Crown ya January 2024 inakumana ndi zomwezo.

Koma ambiri osatchuka ndi omwe amatchedwa ma indie, magemu opangidwa ndi munthu mmodzi kapena kagulu ka anthu ochepa, opanda kampani yaikulu kumbuyo. Kale sakanatha kufika pamsika chifukwa kudinda makhadi ndi ma CD nkuwatumiza m'mashopu kumafuna ndalama zambiri, kugulitsa pa intaneti ndi komwe kunawatsegulira njira. Vuto nlakuti njirayo inatsegukira aliyense. Mu eShop muli magemu masauzande, atsopano akulowa sabata iliyonse, ambiri ndi zinyalala zenizeni zoika mtengo wogwetsa dala kuti zizioneka pamwamba. Zili ngati mulu wa kaunjika tsiku la msika, shati yabwino ilimo ndithu koma ili pansi, wodutsa mothamanga amangoona zomwe wogulitsa akukupiza m'mwamba. Gemu yaikulu ya Nintendo imagulidwa madola 59.99 ndipo mtengo wake sutsika wamba, Mario Kart World ya pa Switch 2 ndi 79.99, pamene ma indie ambiri ali pakati pa madola 8 ndi 20 ndipo amatsitsidwa kawirikawiri.

Nde magemuwo ndi ati?

Ndiyambe ndi A Short Hike, ya Adam Robinson-Yu wa ku Canada, inatuluka pa kompyuta mu 2019 nkufika pa Switch mu 2020, madola 7.99. Inu ndinu kambalame dzina lake Claire, mwapita kutchuthi kwa azakhali anu pa chilumba china, mukudikira foni yofunika koma netiweki kulibe, nde azakhaliwo akuti imagwira pamwamba pa phiri pokha. Munthu wokulira m'mphepete mwa phiri la Mulanje, yemwe anakwerapo pa chulu kusaka netiweki, safunika kumufotokozera zambiri apa. Mulibe ndewu, mulibe kufa. Mumayenda, kukwera matanthwe, kuuluka motsetsereka ndi mphepo, kuwedza nsomba, kuthandiza wina kupeza chinthu chomwe wataya, uku mukutolera nthenga zagolide zomwe zimakupatsani mphamvu yokwera patali. Kumtunda kumazizira ndipo nthengazo zimauma imodzi imodzi, nde mumayenera kuwerengera bwino musanayambe chitunda chomaliza. Si Sapitwa wa mamita 3,002 ayi, imatha madzulo amodzi a chiperoni batire isanathe, ndipo pali ena amadandaula kuti ndi yaifupi kwambiri pa ndalama yake. Inapata mphoto yaikulu pa Independent Games Festival mu 2020.

Sakuna: Of Rice and Ruin ya 2020 ndi yomwe imandidabwitsa kwambiri. Inapangidwa ndi kagulu kakang'ono ka ku Japan kotchedwa Edelweiss. Theka lake ndi ndewu, kamulungu kamkazi kaulesi kathamangitsidwira ku chilumba cha ziwanda, koma theka linalo ndi ulimi wa mpunga ndipo mphamvu zanu pa ndewu zimakwera pokhapokha mpunga ukachita bwino. Ulimi wake si wongodina batani. Mumagaula munda, kusankha mbewu, kuwokera mbande imodzi imodzi ndipo mukazithinanitsa zokolola zimaonongeka, mumatsegula ndi kutseka madzi malinga ndi msinkhu wa mpunga, kuzula udzu, kupanga manyowa, kumweta, kuyanika kuopa mvula, kupuntha, mpaka kusinja komwe mumasankha kuti ukhale woyera kapena wofiirira. Itangotuluka ku Japan osewera ena ankakawerenga malangizo enieni a unduna wa zaulimi wa kwawoko kuti akolole bwino mu gemu. Kwawoko inagulidwa kwambiri, kwina konse anthu saitchula. Wina wochokera ku Phalombe kapena ku chigwa cha Chilwa ataigwira ndikukhulupirira atha kuposa anyamata a m'tauni. Zindikirani kuti chaka choyamba cha mu gemumo chimayenda pang'onopang'ono ndipo ambiri amaisiyira pomwepo.

Pali ena opangidwa konkuno ku Africa. Terra Nil ndi ya Free Lives ya ku Cape Town, inafika pa Switch kumapeto kwa 2023. Magemu ambiri a mtundu wake mumamanga mzinda nkumadula nkhalango, iyi anaitembenuza. Mumayamba ndi dziko louma la poizoni, muike makina a mphepo opanga magetsi, muyeretse nthaka, mubwezeretse mitsinje, madambo ndi nkhalango, pena mpaka kuyatsa moto dala kuti phulusa limeretse mitengo, nyama zibwerere, kenako mupasule makina anu onse nkuchoka osasiya kanthu. Ukamaisewera uku ukuona mmene mkungudza wathera m'phirimu, imakhudza penapake, ngakhale mu gemumo mulibe munthu wofuna nkhuni kapena makala, nde ntchito yake ndi yophweka kuposa yeniyeni. Semblance ya 2018 ndi ya Nyamakop ya ku Johannesburg, gemu yodumphadumpha koma nthaka yake ndi yofewa, pomwe simukufikira mumaigunda mpaka ipindike ikupangireni popondera. Tales of Kenzera: Zau ya April 2024 sinapangidwe ku Africa, koma inatsogoleredwa ndi Abubakar Salim, katswiri wa zisudzo wa ku Britain wa makolo a ku Kenya, yemwe anaipanga pokumbukira malemu bambo ake. Ndi nkhani ya mnyamata wochita pangano ndi mulungu wa imfa kuti abweze bambo ake, yozikidwa pa miyambo ya anthu a Chibantu, ndipo mutha kusankha kuti anthu ake azilankhula Chiswahili.

Okonda draft ndi chess ayese Into the Breach ya Subset Games, 2018. Bwalo lake ndi mabokosi 8 kwa 8, muli ndi maloboti atatu, ndipo adani amakuonetseranitu pomwe amenye ulendo wotsatira, nde ntchito yanu nkuwakankha kuti aphonye nyumba za anthu kapena amenyane okhaokha. Nkhondo imodzi ndi mphindi zochepa, yabwino podikira minibasi idzadze. Clubhouse Games: 51 Worldwide Classics ya 2020, yomwe ku Ulaya ndi ku South Africa imalembedwa 51 Worldwide Games, ili ndi draft, ludo, chess, madomino ndi mancala, m'bale wake wa bawo. Akuluakulu a bawo aziseka poti ili ndi mizere iwiri ya maenje 6 pamene yathu ndi mizere inayi ya maenje 8, komabe ndi gemu yomwe agogo ndi mdzukulu atha kukhalira limodzi. Snipperclips ya 2017 ndi ya anthu awiri, aliyense Joy-Con yake, mumadulana matupi a pepala kuti mupange chida chothetsera vuto, ndipo kukangana kwake nkosangalatsa kuposa gemuyo. Pa Lite musagule pokhapokha muli ndi makontrola apadera. Golf Story ya ku Australia, SteamWorld Dig 2 ya ku Sweden ndi Captain Toad: Treasure Tracker, ya kamunthu kosatha kudumpha chifukwa cha kulemera kwa chikwama, nazonso nzabwino ndipo sizivuta kuphunzira.

Ya akuluakulu okhaokha ndi Return of the Obra Dinn ya Lucas Pope, pa Switch kuyambira 2019. Sitima ya pamadzi inasowa mu 1803 yabwerera mu 1807 yopanda wamoyo, inu ndinu wa inshuwalansi mwatumidwa kukafufuza zomwe zinachitikira anthu 60 omwe analimo. Muli ndi wotchi yomwe mukaima pa mtembo imakumvetsani mawu omaliza nkukuonetsani kamphindi komwe munthuyo anafera, zonse zitaima chilili. Palibe amene akuuzeni kuti uyu ndi ndani, muzindikire nokha poona yunifomu, kalankhulidwe, malo omwe amagona, amene amakhala naye pafupi, ndipo gemu imakuvomerani pokhapokha mwalondola anthu atatu, nde zongolota sizithandiza. Chithunzi chake ndi cha mitundu iwiri yokha ngati kompyuta zakalekale, ena chimawapweteka maso. Imafuna Chingerezi chakumva bwino ndi kope pambali, ndipo imfa zake nzoopsa, si ya ana. Pa bokosi kapena mu eShop pamakhala chizindikiro cha zaka, PEGI kapena ESRB, makolo muziyang'ana pamenepo.

Zomwe sizinayankhidwebe

Funso loyamba ndi lakuti Switch yakale ikhala ndi moyo mpaka liti. Nintendo inatseka eShop ya Wii U ndi 3DS mu March 2023, masewera a pa intaneti a makina amenewo nkutha mu April 2024. Poti ma Switch ali m'manja mwa anthu ndi ochuluka chonchi ena akuti itenga zaka zambiri, ena akuti opanga magemu asamukira ku Switch 2 msanga. Izi zikukhudza ma indie kwambiri chifukwa ambiri alibe kakhadi kopezeka wamba, amakhala mu eShop mokha. Nde gemu yodawuniloda ndi yanudi, kapena mwangolipira chilolezo chomwe chili m'manja mwa eni shopu? Okonda makhadi amati chogwirika ndiye chako, okonda kudawuniloda amati kakhadi kamatayika ndipo kuno kukapeza nkovuta, pamene Game-Key Card yasokoneza mbali zonse ziwiri.

Nkhani ya magemu okopera nayo siinathe. Ena amati munthu wolandira ya pa esiteti ya tiyi sangalipire madola 60 pa gemu, ndipo palibe shopu yovomerezeka yomwe inamuganizira, ena amati wopwetekeka kwambiri ndi uja anapanga gemu yekha m'chipinda mwake, osati kampani yaikulu. Palinso funso loti bwanji osangosewera pa foni, poti Terra Nil ndi Into the Breach zinatulukanso pa foni kudzera pa Netflix. Oyankha amati mabatani enieni, batire yosapikisana ndi WhatsApp komanso kusakhala ndi zotsatsa malonda pakati pa gemu ndi zomwe mukulipira, koma ngati zimenezo zikukwana mtengo wa makina onse aliyense aziwerengera thumba lake. Za kukonza nazo, batire ikafooka kapena drift ikayamba, okonza mafoni a pa boma angathe kuitsegula, koma zipangizo zake azitenga kuti, pa mtengo wanji? Nanga poti Cape Town ndi Johannesburg afikitsa magemu awo pa Switch, ndipo Chiswahili chamveka mu gemu yogulitsidwa dziko lonse lapansi, chikufunika nchiyani kuti wina wa ku Blantyre kapena konkuno ku Mulanje apange yake ya bawo yeniyeni ya maenje 32 yolankhula Chichewa kapena Chilhomwe, ndalama, maphunziro, kapena anthu okonzeka kuigula?